Mmene Tinagulira Pampu ya Thirakitala pa Okushoni

Thirakitala ya apongozi anga aamuna inazima Lachiwiri lina kumapeto kwa Okutobala, ili pakati pa munda wa eni ake ku Maseya, pulawo ili pansi. Anaikoka ndi ng'ombe zinayi kubwerera nayo pakhomo. Amakanika anachokera ku Nchalo pa njinga yamoto, anamasula apa ndi apo, ananunkhiza zala zawo, n'kugamula kuti pampu ya dizilo yatha. Anali ataikonzapo kawiri m'mbuyomo. Kachitatu anakana.

Ndinaimba foni m'masitolo atatu a zipangizo ku Blantyre. Yoyamba inalibe. Yachiwiri inati tidikire miyezi itatu. Yachitatu inali nayo, koma mtengo wake unali wa ng'ombe zitatu zonenepa, pamene m'khola la apongozi munali zisanu ndi ziwiri, kuwerengera ndi ana omwe.

Nthawi ndiyo inali yothina. Mabanja khumi ndi anayi anali atalonjezedwa kuti minda yawo ilimidwa mvula isanagwe. Asanu ndi atatu mwa iwo minda yawo ndi ya makande, dothi lakuda lija loti likamwa madzi limagwira tayala ngati ulimbo. Thirakitala imalowa m'makande kukali kouma basi. Apongozi anali atawalimira anthu amenewa zaka zambiri, ndipo chaka chomwecho kunali kutatulukira mwini thirakitala wina wa cha ku Dyeratu, amene ankazungulira m'midzi kufunsa minda. Aliyense ankadziwa kuti banja lopita kwa iyeyo silibwerera msanga.

Ine ndinalowamo chifukwa cha mbiri yomwe sindinaigwirire ntchito kwenikweni. Ndinalemba nyuzipepala ku Blantyre zaka khumi ndi ziwiri ndisanabwerere kuchigwa kuno, ndipo ndinali nditagulapo zinthu ziwiri pa okushoni ya pa intaneti ya ku Joni: kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi makina osokera a mayi a kunyumba. Makinawo anafika opanda chopondera. Pa tsambalo zinalembedwa kuti chopondera palibe, ine ndi amene sindinawerenge mpaka pansi. Koma kuukwati kwanga anthu anangosunga zoti mkamwini amagula katundu ku Joni ali khale pampando.

Apongozi anandiitana Loweruka. Tinakhala pansi pa msawu, iwo pa mpando wa ndalema, ine pa tayala lakale.

"Akamwini, ndagulitsa ng'ombe imodzi ku Ngabu. Ndalama ili m'nyumbamu. Pampu ija ikapezeka ku mafoni anuwo, gulani. Koma musauze munthu. Anthu akamva kuti ndagulitsa ng'ombe, aliyense mwana wake adwala."

Ndinali nditaipeza kale. Famu ina ku Joni inkagulitsidwa ndi katundu wake yense, ndipo pa mndandanda panali pampu ya mtundu womwewo, nambala zake zofanana ndi zomwe amakanika anandilembera pa chikatoni. Ndinawaonetsa chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataitalikitsa kumaso.

"Mwini wake akuti zingati?"

"Sananene, bambo. Ndi okushoni. Yayambira pa marandi 1,500, ndipo aliyense woifuna amawonjezera 100. Itsekedwa Lamulungu linalo, osati la mawali, 3 koloko masana."

"Monga msika wa ng'ombe wakale uja?"

"Ndendende."

"Iyayi, si ndendende. Kumsika kuja mnzako umamuona akukweza chala. Khola lake umalidziwa, umadziwa pomwe athere mpweya. Kunoku mukumuona ndani?"

Ndinayankha kuti palibe, mayina amabisidwa, pamangooneka chilembo chimodzi ndi tinyenyezi. Anapukusa mutu, koma anandiloleza.

Ndalama ya ng'ombeyo, titaisintha m'mutu, inkakwana marandi 9,000. Wolipira kumeneko anali bambo wina wonyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni, yemwe anandibweretsera makina aja. Iye amalipira m'marandi, ife timamubwezera makwacha kuno, ndipo galimoto yake imanyamuka kamodzi pa milungu iwiri. Nditachotsa za iyeyo, za eni okushoni ndi za pachipata cha ku Mwanza, ndinalemba m'kabuku kanga kuti malire anga ndi 6,000. Ndinajambula mizere iwiri pansi pake.

Lolemba tinalipo anayi. Pofika Lachiwiri madzulo, mtengo uli pa 2,300, awiri anasowa. Tinatsala ine ndi munthu wina wa chilembo cha K ndi tinyenyezi tinayi.

Ntchito ya utolankhani inandiphunzitsa kulemba nthawi ya chilichonse, choncho ndinayamba kumulemba munthuyu. Lachiwiri anawonjezera 12:10 masana ndi 4:50 madzulo. Lachitatu 12:07, 12:41 ndi 4:46. M'mawa sankaoneka. Ndinaganiza kuti ndi mlimi wachizungu wa kabudula wamfupi, amene amakhala kumunda mpaka nkhomaliro. Kenako ndinasintha maganizo: mlimi saweruka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Ameneyu ndi wolembedwa ntchito, mwina kalaliki wa sitolo ya zipangizo, wotumidwa ndi bwana wake kuti agule motchipa akagulitse modula. Ndinayamba kudana naye.

Chomwe sindinkamvetsa chinali chakuti pa famu yomweyo pankagulitsidwanso matayala abwino, pulawo ya mano atatu ndi injini yathunthu, ndipo K sankakhudza chilichonse mwa izi. Ndinafufuza ndithu, tsamba ndi tsamba. Wamalonda wanji amene asiya injini n'kukakamira pampu ya thirakitala yomwe inasiya kupangidwa mkazi wanga asanabadwe?

Lachinayi magetsi anazima chigwa chonse kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa. Foni yanga ndinakaitchaja kwa wometa wina amene ali ndi sola. 12 koloko inakwana, K zii. 5 koloko inakwana, zii. Ndinalemba kuti watopa, ndipo madzulo ndinadya bwino. Lachisanu magetsi atayaka, 12:09, anabwerera n'kuwonjezera kawiri motsatizana. Ndinaziona zonsezi, ndinazilemba mzere ndi mzere, ndipo ndinadziyankha ndekha kuti ku Joni nakonso magetsi amazimazima.

Tsiku lomwelo ndinakumana ndi alamu anga ku Nchalo. Ndi mchimwene wake wa mkazi wanga, kalaliki wa ku sitolo ya zipangizo pa esiteti ya nzimbe. Tinakhala pakhonde la golosale tikumwa zoziziritsa kukhosi, aliyense foni yake ataiika chafufumimba patebulo.

"Alamu, mwaonda. Mlongo wanga wasiya kuphika?"

"Akuphika. Inuyo maso afiirawo, nzimbe mwayamba kumwera m'botolo?"

"Anthu, alamu. Padziko pano pali anthu oipa mtima. Munthu ali ndi zonse, koma kanthu kamodzi komwe wosauka akukafuna, iyenso pomwepo."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinaganiza kuti akunena za akapitawo a kuntchito kwawo. Anandifunsa za thirakitala, ndinati tikuyang'anayang'ana. Iwo anati nawonso akufunsafunsa. Tinasiyana mtengo uli pa 4,900.

Lamulungu tonse tinali kwa apongozi, monga timachitira tikaweruka kutchalitchi sabata yoyamba ya mwezi. Kunkatentha moti nkhuku zinali kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Pakhomopo netiweki imagwira malo awiri okha: pamwamba pa ngolo ya thirakitala, ndi pa chulu cha kuseri kwa khola. Titadya, cha m'ma 2:30, ndinanena kuti ndikufuna kuona matayala a ngolo, n'kukwera. Alamu anati akuitanidwa ndi akuntchito, analowera kuseri kwa khola, foni yawo itamangiriridwa ndi mphira ku kabatire kobwereka.

2:41 ndinali pamwamba ndi 5,600. 2:43 K anaika 5,700. Ndinadabwa, chifukwa aka kanali koyamba kuti aoneke nthawi imeneyi. Tinakwera masitepe mpaka 6,000, malire anga aja a mizere iwiri. Kunatsala mphindi zinayi. Ndinayang'ana kwa apongozi, amene ankawodzera pansi pa msawu chipewa chili kumaso. Ndinayang'ana thirakitala, pomwe panali pampu pali chibowo chotsekedwa ndi nsanza. K anaika 6,100. Ndinadziuza kuti 100 imodzi si kanthu.

Apa m'pamene zinthu zinasokonekera. Wotchi ya pa tsambalo inafika pa masekondi makumi anayi, ine n'kudina, ndipo wotchiyo inabwerera pa mphindi ziwiri. Ndinaganiza kuti netiweki yasokoneza. Inatsikanso, K anadina, inabwereranso pa mphindi ziwiri. 3 koloko inadutsa, okushoni osatsekedwa. Pogula kamera ndi makina aja panalibe wolimbana nane kumapeto, choncho lamulo ili sindinkalidziwa: munthu akawonjezera m'mphindi zomaliza, nthawi imawonjezekanso. Linalembedwa pansi pa tsamba, pomwe ine sindifika.

3:08 tinali pa 6,900. Thukuta linkagwera pagalasi la foni, chala n'kumaterereka. Mkazi wanga anabwera ndi kapu ya madzi n'kuima pansi pa ngolo.

"Bambo a ana, matayala ali pansi, inu muli pamwamba. Mukuona chiyani?"

"Dikirani, mayi. Kagalu aka kakundivuta."

"Kagalu kake kati?"

Maso anga anabwerera pa foni. Anasiya kapu pa tayala n'kupita kuseri kwa khola kukataya madzi otsukira mbale. Patapita kanthawi anatulukira, beseni lili m'manja, n'kuima pakona pa khola, pomwe ankatha kuona ngolo mbali ino ndi chulu mbali inayo. Anaima choncho, mutu ukutembenukira uku ndi uku ngati munthu wodikira kuwoloka msewu.

"Bambo a ana, chomwe mukudinacho, tadinaninso."

Inali nthawi yanga kale. Ndinadina 7,200.

Kuseri kwa khola kunamveka mawu: "Aaa! Mfiti iwe, kodi sutopa?"

Ng'ombe imodzi inadzidzimuka. Mkazi wanga anaika beseni pansi.

"Achimwene, tsikani pachulupo. Inunso tsikani. Foni zanu zonse bweretsani kuno."

Sindinatsike msanga, chifukwa ndikanataya netiweki. Alamu ndi amene anabwera, akuyenda cham'mbali, foni ataibisa pachifuwa. Anakwera pa ngolo. Tinaika mafoni awiriwo pamodzi. Chithunzi chinali chimodzi, pampu yomweyo ili pa thumba la feteleza. Pa foni yanga panalembedwa kuti ndili patsogolo. Pa foni yawo panalembedwa kuti apitiriridwa, awonjezere msanga.

"Alamu, K ndinu?"

"K wake uti? Ine ndikugwiritsa dzina la mnzanga wa kuntchito. Inuyo ndinu M wa tinyenyezi?"

"Ndine."

"Mzungu wa ku famu uja ndinu? Mlungu wonse ndakhala ndikukutukwanani, alamu. Ndatukwana ndi amayi anu omwe. Pepani."

"Musadine!" Ndinakuwa ine, poti chala chawo chinali chikupita chokha.

"Nanga kufufuta? Fufutani zonse tiyambirenso pa 2,300."

Panalibe pofufutira. Tinafufuza tonse awiri, wotchi ikutsika. Inafika pa ziro 3:14, ndipo foni yanga inandiyamikira kuti ndapambana. Ndinatsegula mndandanda wa onse amene anaikapo mtengo n'kuwerenga ndi chala. Kuchokera Lachiwiri madzulo panalibe wina aliyense. Mizere makumi asanu, M, K, M, K. Nkhomaliro ya pa esiteti imayamba 12 koloko, amaweruka 4:30, ndipo foni ya alamu inali ndi batire lakufa moti imayaka pokhapokha ili kumagetsi. Zonsezi zinali m'kabuku kanga. Ndikanakhala kuti ndine mkonzi, mtolankhani wobwera ndi mfundo zimenezi n'kulemba za mzungu wa kabudula ndikanamubweza.

Phokoso linawadzutsa apongozi. Tinapita kukakhala pansi patsogolo pawo, ndipo ine ndinafotokoza mwadongosolo, kuyambira Lolemba. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye pampu yagulidwa?"

"Yagulidwa, bambo."

"Pyadidi, zili bwino. Nanga nkhope zagweranji?"

Alamu ndi amene anapsa mtima. "Bambo, munandiuza ine kuti ndigule, ndisauze munthu. Munawauzanso alamu zomwezo?"

"Eya. Iwe ndinakuuza Lachisanu, akamwini Loweruka."

"Chifukwa chiyani?"

Apongozi anamuyang'ana mwana wawo ngati wafunsa chifukwa chomwe bwato limakhalira ndi nkhafi ziwiri. Mkazi wanga ndi amene anandifotokozera, ine ndili mkamwini wa zaka khumi ndi zisanu pakhomopo koma osazindikira. Bambo ake satuma munthu mmodzi pa chinthu chofunika. Anakulira ku Nyachikadza, komwe madzi akasefukira uthenga umatumizidwa pawiri, wina pa bwato, wina wapansi mozungulira, poti sudziwa njira yomwe yaduka. Dizilo akasowa, mmodzi amamutuma ku Nchalo ndi zigubu, wina ku Dyeratu. Onse akabwera naye palibe cholakwika, dizilo saola. Ndipo otumidwawo sauzana, chifukwa aliyense akadziwa kuti pali mnzake, amayenda mwaulesi.

"Ndinatuma awiri kuti wina akalephera wina afike," anatero apongozi. "Sindinatume anthu oti akamenyane panjira."

"Sitinkaonana, bambo."

"Ndinanena ine."

Kenako apongozi anapeza njira yomwe kwa iwo inali yoonekeratu. Mwini pampuyo alemberedwe kalata. Auzidwe kuti anthu awiriwa ndi a nyumba imodzi, ng'ombe ndi imodzi, thirakitala ndi imodzi. Munthu wamkulu aliyense akamva zimenezi abweza mtengo pa 2,400.

"Akamwini, inu ndi wolemba. Lembani mwaulemu. Muyambe ndi moni."

Ndinalemba, ndipo ndinayamba ndi moni. Yankho linabwera Lolemba m'mawa, la mizere itatu. Linati mtengo womaliza ndi womaliza, tilipire pasanathe masiku asanu, apo ayi dzina langa litsekedwa. Linatifunira tsiku labwino. Mpaka lero sindidziwa ngati analemba ndi munthu kapena makina.

Titaphatikiza za eni okushoni ndi msonkho wa kumeneko, ng'ombe ija inathera pa pampu yokha. Ya wonyamula katundu ndi ya pachipata panalibe. Panafunika ng'ombe yachiwiri, ndipo apa apongozi anaima. Sanakane, sanavomere. M'mawa uliwonse ankapita kukhola n'kukaima atatsamira mtengo wa pakhomo pake. Lachiwiri anati agulitsa yofiira. Lachitatu anati yofiira ili ndi bere. Ine ndinkaimba foni kawiri pa tsiku kukumbutsa kuti galimoto ya ku Joni inyamuka Lachinayi, koma mkamwini sauza apongozi kuti fulumirani. Ndinkangoti, "Bambo, ndimati ndimve ngati mwadzuka bwino." Alamu, amene akanatha kulankhula mosapsatira, anali atanyanyala. Ng'ombe inagulitsidwa Loweruka. Galimoto inali itapita, pampu yathu itatsala m'nyumba ya wonyamula katunduyo kudikira ulendo wina.

Inafika ku Blantyre pa sabata yoyamba ya Disembala. Ndinakaitenga ndekha, ndinatsika nayo mapiri a Thabwa pa minibasi nditaifungata pamiyendo. Tikutsetsereka, chigwa chonse chinkaoneka pansipo, ndipo cha ku Maseya kunali mtambo wakuda utaima pa miyendo yake. Inali mvula yachitatu. Yoyamba ndi yachiwiri zinagwa pampu ili m'njira.

Amakanika anaimanga tsiku lotsatira. Inakwana bwinobwino, bawuti iliyonse pamalo pake. Thirakitala inatsokomola kawiri n'kulira. Pampuyo inali yabwino, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka pano. Minda isanu ndi umodzi ya dothi la mchenga inalimidwa mlungu womwewo. Ya makande inali itamwa kale madzi.

Apongozi anavala jekete ndi kunena kuti mabanja asanu ndi atatu aja akawauza okha, khomo ndi khomo, ndipo ine ndiwaperekeze kuti ndikafotokoze za mafoni. Tinayenda wapansi, matope akulemera kunsapato. Mabanja asanu tinawapeza atalimitsa kale kwa mwini thirakitala wa ku Dyeratu uja mvula isanagwe. Anatilandira bwino, anatipatsa mipando, ndipo sanafunse zambiri. Awiri anali atabwereka ng'ombe zolimira. Khomo lomaliza linali la mayi wina wamasiye amene anadikira mpaka mapeto chifukwa apongozi anali atamuuza kuti adikire. Tinamupeza m'munda ndi khasu, atalima kachigawo kosakwana bwalo la nyumba.

Apongozi anavula chipewa n'kupepesa m'Chisena. Kenako anandilozera ine. Ndinafotokoza za okushoni, za mayina obisika, za wotchi yobwerera m'mbuyo. Mayiyo anamvetsera atatsamira mpini.

"Ndiye amene ankakukwezerani mtengoyo anali ndani?"

"Alamu anga, mayi."

"Nanga iwowo ankawakwezera ndani?"

"Ineyo."

"Wogulitsayo anali kuti?"

"Sanalankhulepo. Sitinamuone n'komwe."

Anayang'ana apongozi, anayang'ananso ine. "Ine sukulu sindinapite, bambo, mwina n'chifukwa chake. Ng'ombe ziwiri zapita, wakuba palibe?"

Apongozi anapachika jekete pa chitsa, anafunsa ngati pali makasu ena kunyumba. Analipo awiri. Tinalima mpaka dzuwa litapendeka, ndipo mawa lake alamu anabwera ndi khasu lawo.